Ana a kwa Mwase Anapita Kuti? Njira Imatsata Ntchito

Maliro akagwa pamudzi kuno kwa Mwase Lundazi, adzukulu sathamangira kumanda. Amayamba afunsa eni mbumba kuti a kutali afika liti, pakuti masiku ano ndi mabanja owerengeka amene angaike munthu wao osadikira basi yochokera ku Lusaka. Tsiku loyamba timakhala ndi anthu a m'midzi yoyandikana okhaokha. Tsiku lachiwiri madzulo ndi pamene pasiwa pamadzaza. Amene ali ndi chizolowezi chomvetsera malonje adzaona chinthu chimodzi. Nkhalamba za imvi zimati zachokera ku Kitwe, ku Chingola kapena ku Luanshya. Abambo ndi amayi a msinkhu wapakati amatchula Mtendere, Chawama, Kanyama ndi Mandevu. Anyamata amene amafika mochedwa, atafooka ndi ulendo wa masiku awiri, amati Solwezi kapena Kalumbila. Mbumba ndi imodzi, koma mbadwo uliwonse unatenga njira yakeyake.

Owerenga okondedwa, zimenezi sizinachitike mwangozi. Ife makolo timafulumira kuweruza: timati ana a masiku ano ndi aulesi, akuthawa khasu, akopeka ndi magetsi a m'tauni. Komatu tikafufuza mbiri ya zaka zoposa 100 zapitazi, tipeza kuti anthu a kuno akhala akupita kumene kuli malipiro, ndipo malipirowo akasamuka, njira nayonso imakhota. Tipezanso chinthu china choyenera kuchisunga mumtima: malo alionse amene anaitana anthu athu anali ndi nyengo yake, ndipo nyengoyo itatha, ambiri anapulumukira kumunda umene anausiya.

Msonkho ndiwo unatsegula chipata

Makolo athu akale ankayenda, inde, koma ankayendera malonda, ukwati kapena kuthawa nkhondo. Ulendo wokafuna ntchito ya ndalama unayamba Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, pamene kampani ya British South Africa Company inakhazikitsa boma lake ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Pasanapite zaka zambiri kunabwera lamulo lakuti nyumba iliyonse izikhoma msonkho wa masheleni atatu pachaka. Munthu ankatha kukhala ndi nkhokwe yodzaza ndi khola la mbuzi, koma wokhometsa msonkho ankafuna ndalama, ndipo ndalama m'midzi munalibe.

Ntchito zapafupi zinali za mtengatenga ndi za m'minda ya Azungu kufupi ndi Fort Jameson, ndipo malipiro ake anali ochepa. Migodi ndi mafamu a ku Southern Rhodesia zinkalipira bwinoko. Motero amuna anayamba kumanga kamba, kuyenda pansi masabata angapo, kuwoloka Zambezi ndi kulowera ku Halale kapena ku mgodi wa malasha wa Wankie. Olimba mtima anafika mpaka ku Joni. Ena ankabwera ndi njinga, makina osokera ndi bokosi la nsalu. Ena sanabwerenso, ndipo chilankhulo chathu chinawapezera dzina lakuti matchona. M'kupita kwa nthawi mnyamata amene sanapiteko kukagwira ntchito kutali ankaoneka ngati sanakhwime, kotero kuti chimene chinayamba ngati chikakamizo chinasanduka mwambo. Mpake kuti akuluakulu ankadzitonthoza ndi mwambi uja wakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Njanji inagawa dziko

M'kati mwa dziko lathu lenileni, chimene chinalamula kumene ntchito idzakhale ndi njanji. Inafika ku Broken Hill, lero Kabwe, mu 1906, nipitirira mpaka kumalire a Congo. Kuyambira pamenepo pafupifupi ntchito zonse za malipiro zinandanda m'mbali mwa njanjiyo, kuchokera ku Livingstone mpaka ku Ndola, ndipo ife a Kum'mawa tinatsala kutsidya lino la Luangwa.

Migodi ikuluikulu ya mkuwa inayamba kutulutsa chuma chake motsatizana: Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, Nkana ku Kitwe mu 1932, Mufulira mu 1933, ndi Nchanga ku Chingola mu 1939. Anthu ambiri ofika kumeneko anachokera ku Luapula ndi kumpoto, popeza kwa iwo kunali kufupi, ndipo n'chifukwa chake Chibemba chinakhala chilankhulo cha ku Migodi. A Kum'mawa analipo ndithu, koma gulu lalikulu linkalozabe kumwera. Phunziro loyamba silinachedwe. Mtengo wa mkuwa utagwa pa misika ya kunja, anthu ogwira ntchito m'migodi, amene anali pafupifupi 30,000 mu 1930, anatsala ochepera 7,000 pakutha pa 1932. Ochotsedwawo anayembekezeredwa kubwerera kumidzi kwao, ndipo mudzi ndiwo unawadyetsa kufikira migodi itawafunanso.

Chimene chinakhotetsa njira ya a Kum'mawa ndi Lusaka. Mu 1935 boma linasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kudza ku Lusaka, ndipo msewu wathu wa Great East Road unkathera pakhomo penipeni pa likulu latsopanolo. Likulu linkafuna apolisi, asilikali, amesenjala, amisiri omanga nyumba, ophika ndi osamalira m'nyumba za Azungu. Ambiri mwa iwo anachokera kuno ndi ku Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali kale chilankhulo cha apolisi. Wolembedwa ntchito ankaitana mphwake, mphwakeyo naitana mlamu wake. Lero mwana wa ku Lusaka, ngakhale makolo ake akhale Atonga kapena Alozi, amakula akulankhula Chinyanja, chifukwa cha kumene agogo athu anapeza ntchito zaka 90 zapitazo.

M'masiku a atsamunda munthu wakuda sankakhala m'tauni mwaufulu. Ankafunika chitupa chosonyeza amene akumugwirira ntchito. Ufulu wa 1964 unachotsa goli limenelo. Chaka chotsatira Ian Smith anadzilengezera ufulu ku Rhodesia, ndipo mu 1973 malire anatsekedwa, kotero kuti njira ya kumwera inamera udzu. Anthu onse anatembenukira ku Lusaka ndi ku Migodi, kumene boma latsopano ndi makampani ake ankalemba anthu ntchito mwaunyinji. Lusaka inali ndi anthu pafupifupi 123,000 mu 1963. Mu 1969 anaposa 260,000, ndipo mu 1980 anadutsa theka la miliyoni. Mu 1963 Mzambia mmodzi mwa asanu alionse ankakhala m'tauni, koma pofika 1980 anali awiri mwa asanu. Nthawi imeneyi amuna sanapite okha. Akazi ndi ana anawatsata, ndipo ana ambiri a kwa Mwase anabadwira m'makomboni osadziwa kumene kuli manda a makolo ao.

Mkuwa utagwa

Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa koopsa, ndipo sunadzukenso kwa zaka zambiri. Pulezidenti Kenneth Kaunda anadandaulira anthu kawirikawiri kuti abwerere kumunda, koma ndi ochepa amene anamvera, pakuti unga wa m'tauni unali wotsika mtengo chifukwa boma linkaulipirirako. Boma litayesa kukweza mtengowo, kunabuka zipolowe ku Migodi mu Disembala 1986 ndi ku Lusaka mu Juni 1990.

Chimene mawu a mtsogoleri analephera, kutha kwa ntchito kunachichita. Boma litasintha mu 1991, makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa. Mgodi wa Kabwe ndi kampani ya ndege ya Zambia Airways zinatsekedwa mu 1994, mabasi a UBZ mu 1995, ndipo migodi ya ZCCM inagulitsidwa pakati pa 1997 ndi 2000. Ogwira ntchito m'migodi, amene anaposa 60,000 m'zaka za m'ma 1970, anatsala pafupifupi 22,000 mu 2000. Kalembera wa anthu anaonetsa chinthu chosazolowereka mu Africa: okhala m'matauni anali 39 mwa anthu 100 alionse mu 1990, koma mu 2000 anatsika kufika pa 35, ndipo matauni ena monga Mufulira anachepa anthu.

Ife amene tinali pamudzi zaka zimenezo tikukumbukira malole ofika usiku atasenza malata, mipando ndi ana olankhula Chibemba chokhachokha. Tikukumbukiranso kuti obwerawo sanalandiridwe mofanana. Amene ankabwera patchuthi, amene ankatumiza ya feteleza ndi ya sukulu, amene sankasowa pamaliro, anapeza munda wao ukuwadikira ndipo anyakwawa anawaonetsa malo omangapo. Amene anakhala zaka makumi awiri osalemba ngakhale kalata anapeza minda itagawidwa, nayamba kupempha malo ngati alendo m'mudzi wobadwira. Ena anabwera akudwala, pakuti zinali zaka zimene matenda a Edzi anakolera, ndipo agogo ambiri analera adzukulu amene anawaona koyamba tsiku la maliro a makolo ao.

Migodi yatsopano, lamulo latsopano

Mtengo wa mkuwa utakweranso, chuma chinatulukira kumalo ena. Mgodi wa Kansanshi ku Solwezi unatsegulidwanso mu 2005, wa Lumwana unayamba mu 2008, ndipo wa Sentinel ku Kalumbila unatsatira. Chigawo cha Kumpoto chakumadzulo, chimene kale anthu ankachithawa monga ankathawira chathu, chinasanduka choitana alendo. Chinali ndi anthu pafupifupi 727,000 mu 2010, ndipo mu 2022 anafika pafupifupi 1.27 miliyoni, palibe chigawo china chimene chinakula mofulumira chotere.

Tsono apa m'pofunika kumvetsa bwino, chifukwa ana athu ambiri anyengeka. Mgodi wa masiku a agogo unkafuna msana wolimba, ndipo unkapatsa munthu nyumba, chipatala ndi sukulu ya ana. Mgodi wa lero ndi dzenje lalikulu lokumbidwa ndi makina, ndipo galimoto limodzi limanyamula zimene kale zinkafuna amuna mazana. Umafuna munthu wa satifiketi: wodziwa zamagetsi, wowotcherera zitsulo, wokonza kapena woyendetsa makina. Ntchito zambiri zimadzera m'makampani ang'onoang'ono opatsidwa ganyu ndi mgodi, amene amalemba munthu kwa miyezi yowerengeka. Ntchito zosafuna maphunziro, mafumu a kumeneko amapempha kuti ziyambe zapatsidwa kwa ana a m'deralo, ndipo sitingawanene, pakuti ifenso tikanatero. Choncho mnyamata wochoka kuno ndi Giredi 9, atayenda makilomita oposa 1,300, kawirikawiri amathera kunja kwa mpanda, kuumba njerwa kapena kugulitsa m'kantemba, kwinaku akulipira lendi yokwera chifukwa cha mgodi umene sunamulembe.

Lusaka ndi msika wa mtundu wina. Mu 2022 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 2.2 miliyoni, ndipo ukukokabe ana athu ambiri kuposa malo ena alionse. Chifukwa chake si mafakitale ayi, koma kuti pamene pali anthu ambiri pamakhala tintchito tambiri: ulonda, kumanga, kuitanira mabasi, kusenza katundu pa msika wa Soweto, kugulitsa salaula, kukhala m'kanyumba kotumizira ndalama pafoni. Chilankhulo ndi chathu, ndipo pafupifupi banja lililonse lili ndi wachibale wopereka mphasa masiku oyamba. Lusaka yatsegulanso njira imene migodi inalibe, ya atsikana. Ambiri amatengedwa ndi achibale ndi lonjezo la sukulu, koma amakathera kulera ana ndi kuchapa, popanda malipiro odziwika. Ntchito zoterezi zilibe kalata ya pangano, zilibe penshoni, ndipo zimatha tsiku lililonse. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa zozizira anakhala manja lende miyezi ingapo. Chilala chimene chinapsereza chimanga m'minda chinawapezanso m'tauni.

Nanga msika wa kuno kwathu?

Tisaganize kuti Lundazi ndi dziko longotuluka anthu. Nthaka ya kuno ndi imodzi mwa zokolola kwambiri Kum'mawa: chimanga, mtedza, soya, thonje, mpendadzuwa ndi fodya. Nyengo ya dzinja abale athu a ku Malawi amawoloka malire kudzagwira ganyu ndi kulima fodya m'minda yathu. Mwana wathu akukwera basi kuthawa munda, mwana wa mnzathu akutsika njinga kudzafuna munda womwewo. Aliyense wa iwo wawerengera bwino. Chosiyana ndi chimene akuyerekeza nacho.

Vuto la ulimi si kuchepa kwa ndalama kokha, koma nthawi yake ndi kusadalirika kwake. Mlimi amaona ndalama kamodzi pachaka, pakati pa Juni ndi Ogasiti, pamene matenda, sopo ndi yunifolomu sizidikira kukolola. Mlonda wa ku Lusaka amalandira zochepa, koma amadziwa tsiku lake. Mtengo wa mbewu nawonso sudziwika pobzala. Bungwe la Food Reserve Agency linagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K180 mu 2022 ndi pa K330 mu 2024. Soya, amene ambiri anamuthamangira ataona mtengo wa 2022, anagwa kwambiri mu 2023. Tionjezepo ichi, ngakhale n'chowawa kwa ife akulu: m'mabanja ambiri mnyamata amalima chaka chonse m'munda wa makolo, koma tsiku logulitsa ndalama zonse zimalowa m'thumba la bambo. Mwana wotereyu akachoka, sanathawe khasu. Wathawa kugwira ntchito yopanda malipiro.

Zilipo zizindikiro zina zabwino. Mu 2018 boma linadula maboma a Lumezi ndi Chasefu kuchoka ku Lundazi, ndipo boma latsopano lililonse limabwera ndi maofesi, nyumba zomanga ndi anthu a malipiro ogula ndiwo ndi nkhuku. Mu 2022 thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina ndi lolipirira achinyamata kusukulu za luso. Chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, ambiri a iwo kusukulu za kumidzi. Bungwe la COMACO, limene linayambira ntchito zake kuno ku Lundazi, laonetsa kuti mtedza ndi uchi wa m'chigawo chino zingathe kukonzedwa ndi kufika m'masitolo a ku Lusaka zili m'mabotolo. Pamene mbewu ikusendedwa, kugayidwa kapena kufinyidwa mafuta, pamenepo pamabadwa ntchito ya mwezi ndi mwezi. Tikamatumiza mbewu yathu yosakonza, timatumizanso ntchito imene ikanasunga ana athu pafupi.

Tisanamuperekeze kokwerera basi

Sitikulemba izi kuti titseke njira. Nyumba zambiri za malata m'midzi yathu zinamangidwa ndi ndalama za kutali, ndipo ana ambiri anaphunzira chifukwa cha malume wa ku Lusaka. Kale tinkadikira ndalama ku positi ofesi pa Boma. Lero zimalowa pafoni mayi ali kudimba. Koma mtengo wake timauonanso: minda yolimidwa ndi amayi ndi nkhalamba, mabanja okhala patali zaka zambiri mpaka chikondi kuzilala, ndi ana okula osamva mawu a bambo. Ngakhale pa misonkhano ya mphakati, tikawerenga amuna a zaka zapakati pa 20 ndi 40, zala za dzanja limodzi zimakwana.

Mwana akabwera kudzatsazika, tisamutemberere ndipo tisamukankhe. Tikhale naye pansi timufunse. Kodi kumene ukupitako akufuna anthu a luso lanji, ndipo iwe uli nalo? Amene wakuitanayo wakupezera ntchito yeniyeni, kapena wangokuuza kuti kuli ndalama? Ukalipira lendi, chakudya ndi basi, chotsala n'chiyani? Ukadwala adzakusamala ndani? Ngati alibe luso, chaka chimodzi kusukulu ya zaumisiri chingamupindulire kuposa zaka zisanu zoima pachipata cha mgodi. Ngati ndi mtsikana wotengedwa ndi achibale, makolo amve ndi makutu ao dzina la sukulu ndi malipiro ake, ndipo azilankhula naye yekha pafoni. Wopitayo atenge kalata ya kuparishi, kuti akafike pakati pa anthu omudziwa dzina.

Kwa otsala, tiyeni tigawire anyamata ndi atsikana athu ndime zaozao, ndipo ndalama za ndimezo zikhale zao. Kwa opita, mawu athu ndi amene mbiri yatiphunzitsa katatu konse, mu 1932, m'zaka za m'ma 1990 ndi mu 2024: ntchito ya kutali ili ndi nyengo yake. Musagulitse munda, musalole kuti dzina lanu lifufutike m'kaundula wa anyakwawa, ndipo muzibwera nthawi ya mtendere, osati pamaliro pokha. Halale inatsekeka, Luanshya inazilala, ndipo mgodi uliwonse, ngakhale wa ku Solwezi, uli ndi tsiku limene mwala wake udzatha. Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mudzi umene mukuusamala lero ndi umene udzakutsegulireni chitseko basi ikadzakutsitsani ndi katundu yense.